Funso la Aisha

Wezzie anakumana ndi Useni pa siteji ya basi ku Springburn, kudziko la azungu, mvula ikungowaza mwachizolowezi. Amachokera ku wodi ya odwala mtima kumene anali nesi, mapazi akuwawa, ndipo anang'ung'udza yekha m'Chichewa kuti basiyo yanyanya.

"Isiyeni ichedwe, chemwali," anatero mnyamata amene anaima pambali pake. "Ine ndikuithokoza."

Anali wa ku Congo, koma atakhala zaka zambiri ku kampu ya Dzaleka, Chichewa chake chinali cha ku Dowa chenicheni. Pakamwa ndiye musanene, uchi wokhawokha! Mameseji amabwera m'mawa ndi masana. "Duwa langa, wadya?" Tsiku lina analemba kuti, "Nkhondo inandilanda zonse, koma Mulungu wandibwezera iwe. Sindidzakuliritsa."

Mtsikana wake uti akanalimba? Wezzie anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe, mpaka anayamba kukambirana za chinkhoswe.

Chomwe chimamusowetsa mtendere Useni chinali chimodzi: mchemwali wake Aisha. Anati Aisha anachoka ku Dzaleka kukaika maliro a mayi kum'mawa kwa Congo, nkhondo n'kumutsekera komweko. Amadwala mtima. Mankhwala amapezeka mwa apo ndi apo, tulo analibe, ndipo mabomba akayamba amangonjenjemera n'kumatsanzika anthu. Dokotala anachenjeza kuti nkhani yodzidzimutsa ikhoza kumupha.

Wezzie anamva chisoni. Anayamba kulankhula naye pa foni ya Useni, mwini wake ali pompo, kumuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mantha akamugwira. Useni anangopempha chinthu chimodzi, kuti za chibwenzi asatchule. Kwawo nkhani ya ukwati imayamba yafika kwa amalume, mlongo amamva pambuyo. Wezzie, mwana woleredwa bwino, anaona kuti ndi ulemu ndithu, ndipo anamukonda kwambiri chifukwa cha zimenezo.

Lachitatu lina masana ali pa buleki, nambala yachilendo inayimba. Anali Aisha. Nambala anachita kupempha kwa Useni, ati ya pangozi. Kumbuyo kumamveka kuphulika, mwana akulira, ndipo mpweya wake umatuluka modukizadukiza.

Wezzie anamuuza kuti akhale pansi, atsamire khoma, apume naye limodzi. Patapita kanthawi mawu anabwerera.

"Anesi, inu mumamuona kumeneko," anatero Aisha. "Mabombawa ndawazolowera. Chimene chikundidya ine ndi maganizo. Mwamuna wanga Useni wasintha, sayimbanso ngati kale. Ndiuzeni zoona, ali ndi mkazi wina?"

Mwamuna wanga!

Wezzie anagwira tebulo. Ulemu wa amalume uja unali umenewu? Mkwiyo unamukwera, ndipo anafuna kukuwa kuti mkaziyo ndine, tonse watipusitsa. Koma khutu lake la unesi limamva mmene mayiyo amapumira. Anadziwa chimene choonadi chingachite ku mtima wotere, kumalo kopanda ambulansi, mwana ali pambali.

"Alibe, mayi," anatero. "Ntchito ndi imene yamuchulukira."

Aisha analira ndi chimwemwe. Anamudalitsa, nati Mulungu adzamupatse mwamuna wokhulupirika ngati wake. Wezzie anati ameni, misozi ikulowa m'kamwa.

Foni itaduka analembera Useni: "Mkazi wako wayimba. Sindinamuuze, iwenso usayerekeze kumuuza. Uzimuyimbira tsiku lililonse. Ine undiiwale."

Useni anayimba mpaka kutopa, anadikira pa geti ya chipatala, analumbira kuti amaopa kutaya onse awiri. Wezzie anamudutsa ngati mtengo. Zinamuwawa koopsa, chifukwa amamukondabe.

Nambala ya Useni anaitseka. Ya Aisha anailephera. Mpaka lero mabomba akayamba mayiyo amayimba, ndipo Wezzie amatuluka mu wodi kukapuma naye limodzi, kenako n'kumvetsera mmene mwamuna wake wasinthira, mmene akuyimbira tsiku lililonse.