Piritsi la Pakambale

Kabokosi ka mabatani kanagwa pamene Kamphepo ankasesa pansi pa makina osokera, ndipo pakati pa mabatani omwazikawo panali pepala lopindidwa kanayi. Linali ndi chidindo cha kusukulu kwake. Analiwerenga ali chiimire, tsache lili kukhwapa. Aphunzitsi a masewera ankadziwitsa amayi ake kuti mwana wawo wasankhidwa kukathamanga pa mpikisano wa sukulu za chigawo chonse, ndipo ngati avomera asaine m'munsi. Basi ya othamangawo inali itanyamuka dzana.

Dzina loti Kamphepo analipata chifukwa cha miyendo yakeyo. Chaka chonse ankalawirira kukazungulira bwalo pofuna ulendo umenewu. Sukulu zitatsekera anadikira kalata mpaka kutopa, kenako analira mobisa poyesa kuti amusiya.

"Achemwali, ichi n'chiyani?"

Mkulu wake, amene anthu a mumsewu wawo ankangomutchula kuti Telala, anali pampando wa pazenera akusanja nsalu ndi dzanja lamanzere. Anayang'ana pepalalo, n'kutembenukira panja.

"Aphunzitsi ako anaisiya atabwera kudzatenga thalauza lawo. Ndinawauza kuti amayi akana."

"Amayi anaiona?"

"Ukanapita sabata yathunthu, ine ndikanatsala ndi ndani? Kuthamanga si ntchito. Tola mabataniwo."

Ngakhale pepani wabodza panalibe. Kamphepo anatola mabatani limodzilimodzi, mtima ukuwira, ndipo pofika pa batani lomaliza anali atadziwa chochita.

Telala anadwala sitiroko chaka chatha ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu zokha. Anagwa ali pamakina, pakamwa patapotoka. Achibale anakana kukhulupirira, amvekere matenda a nkhalamba akufunanji mwa mtsikana. Adokotala atamupima anapeza kuti magazi ake amaundana msanga kuposa a anthu ena, ndipo kachibulu ka magazi oundanawo n'kamene kanatseka mtsempha wa mu ubongo. Anachenjeza kuti mwa munthu wa magazi otere sitiroko ikhoza kubweranso, yoopsa kuposa yoyamba. Anamulembera piritsi limodzi m'mawa uliwonse, osadumphitsa ngakhale tsiku.

Kuyankhula kunabwerera, ndi kulongolola komwe, koma dzanja lamanja linatsala lofooka. Tsono kabotolo ka mapiritsiwo kanali ka chotsekera chovuta chija, chofuna kukanikiza ndi kupotokola nthawi imodzi, dzanja lina litagwira pansi. Amayi ankachoka kusanache kukakolopa m'maofesi, choncho ntchitoyo inagwera Kamphepo: kutsegula kabotolo, kuika piritsi pakambale, kambaleko pambali pa kapu ya tiyi.

M'mawa mwake Kamphepo anaika tiyi pathebulo. Anaikanso kambale, kotsuka bwino, kopanda kanthu.

"Andipemphe," anatero chamumtima. "Anene kuti chonde. Anene kuti pepa. Akatero ndiwatsegulira."

Telala anayang'ana kambale, n'kuyang'ana mng'ono wake. Anamwa tiyi wake mwakachetechete, n'kupita pamakina. Ana a mimba imodzi amenewa makani anachita kugawana pakati, palibe anachepekedwa.

Amayi sanadziwe kalikonse. Kamphepo sanawaonetse kalatayo, chifukwa yankho lawo ankalidziwa kale: mkulu wako ndi wodwala, uzimumvetsa. Mawu amenewa anali atamufika m'khosi. Telala nayenso sakanadandaula za mapiritsi popanda nkhani ya kalata kutulukira. Kupempha makasitomala ndiye ayi ndithu. Angadziwe kuti telala wawo kabotolo kakumukanika, n'kuyamba kupita ndi nsalu zawo kwina.

Tsiku lachitatu Kamphepo anasuzumira pachitseko. Telala anali atapana kabotolo ndi maondo, akukanikiza ndi chikhatho chamanzere, thukuta lili pamphuno. Kabotolo kanaterereka. Anakatola, n'kuyesa ndi mano. Chotsekera chinangozungulira, chikulira ngati chikumuseka. Kunena zoona, Kamphepo kunamukoma. Anaganizira anzake ali pabwalo lalikulu atavala manambala pachifuwa, ndipo anati mkulu wake nayenso alawe kumanidwa.

"Ndinachira kalekale ine," Telala anauza khoma mokweza, akuponya kabotolo m'dilowa. "Timapiritsi timeneti n'tongonditopetsa."

"Ndiye zili bwino, achemwali," anayankha Kamphepo ali kukhitchini, mawu ozuna ngati shuga.

Masiku anapita, ndipo Telala ankaoneka bwinobwino. Ankapalasa makina, kukalipa za ulusi, kuseka ndi makasitomala. Chenjezo la adokotala linkabwera m'mutu mwa Kamphepo nthawi zina, koma iye ankalikankhira kumbali. Munthu wolongolola chonchi angadwale? Komanso mawu opepesa ndi amodzi okha, akangowanena nkhani yatha.

Tsiku lachisanu ndi chitatu kunabwera mayi wina wofuna diresi. Telala anamukulunga tepi m'chiuno, Kamphepo ali ndi pensulo kudikira muyeso.

"Lemba. M'chiuno makumi atatu ndi... ndi..."

Mawu otsatira anatuluka ngati a munthu wodzaza madzi m'kamwa. Tepi inagwa. Tsaya lamanja linalendewera, ndipo Telala anatsetsereka pang'onopang'ono n'kukhala pansi, maso ali pa mng'ono wake.

Kamphepo anathamanga. Anadumpha ngalande, anadutsa pakati pa ogulitsa makala, anakafika pamsewu waukulu n'kuima kutsogolo kwa galimoto yoyamba imene anaiona. Sanathamangepo chotero pabwalo lililonse, ndipo panalibe womuombera m'manja.

Masana a tsiku lotsatira adokotala anaima pambali pa bedi la Telala kuchipatala ali ndi faelo. Amayi anali atakhala pampando, akadali mu yunifolomu ya kuntchito imene anathamanga nayo dzulo lake.

"Mapiritsi aja amamwa tsiku lililonse?"

"Osaphonya, adokotala," anayankha amayi. "Mng'ono wakeyu ndiye amamupatsa. Pa zimenezo ndi mwana wodalirika."

Adokotala anaweramira Telala. "Ndi zoona, mayi?"

Telala sakanatha kuyankha ndi pakamwa. Anayang'ana Kamphepo kanthawi, kenako anatsinzina n'kugwedeza mutu kuvomera.

Munthu amene Kamphepo anamuonerera akulimbana ndi kabotolo ndi mano, ndi yemweyo amene ankamubisa tsopano.

"Ngati magazi aundana akumwa mankhwala, ndiye kuti mlingo wake ukuchepa," anatero adokotala akulemba. "Tiwonjezera mphamvu. Koma zimenezi zili ndi kuopsa kwake. Tikapyoza, munthu amatha kutaya magazi m'kati, ngakhale mu ubongo momwemo. N'chifukwa chake ndimafunsa kawiri."

Cholembera chinkayenda papepala. Kamphepo anachiyang'ana mpaka chinafika kumapeto kwa mzere.

"Sanamwe," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza. "Masiku asanu ndi atatu sanamwe. Kabotolo sangatsegule okha, ndipo ine ndinasiya dala kuwatsegulira. Ndinkafuna andipepese."

Adokotala anamuyang'ana, n'kukhwatcha zimene analemba zija. "Wachita bwino kunena. Ukanachedwa, tikanamupweteka kawiri."

Amayi sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Akupepese chiyani?" Kamphepo atafotokoza za kalata, iwo anayang'ana mwana wawo wamkulu, n'kuyang'ana wamng'ono, kenako anaphimba nkhope ndi manja awo osuwa ndi sopo. Kamphepo akanakonda mbama.

Telala anatuluka m'chipatala patatha masabata atatu. Mwendo unkakoka, ndipo mawu anamutsalira ochepa, otuluka movutikira. Makina osokera anawafunditsa nsalu. Adokotala anati mwina kuyankhula kudzabwerera pang'onopang'ono, koma sanalonjeze.

M'mawa woyamba ali kunyumba, Kamphepo anakanikiza chotsekera, anapotokola, n'kuika piritsi pakambale. Pamene ankabweza dzanja, Telala analigwira ndi lamanzere lija, mwamphamvu. Milomo yake inanjenjemera.

"Pe... pe..."

Anapuma, n'kuyesanso. Misozi inatsika patsaya lolendewera lija, koma mawuwo anakanirira pomwepo. Anali mawu omwe aja Kamphepo anawadikira masiku asanu ndi atatu, ndipo tsopano sakanapirira kuwamva.

"Musavutike, achemwali," anatero, akugwada pambali pa mpando. "Wopepesa ndine. Imwani kaye."

Ananyamula kapu n'kuigwirizira pamilomo ya mkulu wake mpaka piritsi linatsika.