Khomo Lopapatiza la Khitchini

Nsungwi anaima pakati pa khitchini atakweza manja m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Kalipentala analemba chizindikiro pakhoma pamene zala za mwanayo zinafika.

"Amene anam'patsa dzina mwanayu sanalakwitse," anatero kalipentala uku akuseka. "Makabati tiwakweze mpaka apa, sadzafuna chopondera."

"Yezani bwino, amisiri," anayankha bambo ake a Nsungwi. "Mwini khitchini tsopano ndi iyeyu."

Mawuwo anamuwawa Nsungwi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu zokha. Chichitikireni ngozi ya galimoto imene inapha miyendo ya mayi ake chaka chapitacho, moyo wake unali wa kusukulu ndi m'kachipinda aka basi. Belu lowerukira likalira, anzake ankatsalira kusewera mpira, iye n'kuthamangira kunyumba kukatereka poto.

Khitchiniyo inali yakalekale. Zenera lake silinkatseguka, sinki inkadontha, kabati inali itadyeka ndi chiswe. Khomo linali lopapatiza moti wonyamula beseni ankalowa chammbali. Njinga ya olumala imene mayi ake ankayendera sinkalowamo n'komwe. Ngakhale tsiku limenelo, mayiwo anali panja pa khomolo, akungoyang'ana misana ya anthu.

"Iwe umatha kujambula," anatero bambo pomupatsa Nsungwi pepala ndi pensulo. "Sitovu ikhale apa, furiji pakona, makabati azungulire khoma lonse."

"Nanga khomoli?" anafunsa kalipentala.

"Lisiyeni. Kugumula khoma n'kudziputira ntchito."

Nsungwi anayamba kujambula. Mzere uliwonse umene ankalemba unkamupanikiza. Anadziona ali momwemu chaka chamawa, ndi chinacho, akusenda anyezi pansi pa makabati oyezedwa pa msinkhu wake.

"Sinkiyo ikanakhala yotsikirako..." anayamba mayi ake chapansipansi.

"Inu pumulani, mayi a Nsungwi," bambo anawadula mokoma mtima, osacheuka n'komwe. "Zonsezi tikonza ife."

Nsungwi anaona mayi ake akusalaza chovala pamaondo pawo, chimene chinali chosalala kale. Pensulo inamulemera m'manja, ndipo anaiika pansi.

"Ababa, ine sindijambula."

"Wati bwanji?"

"Sindijambula. Mukundimangira ndende yokongola. Ine mwanditsekera m'kati, amayi mwawatsekera kunja, ndi khomo limodzi lomweli."

Kalipentala anayamba kupinda tepi yake yoyezera pang'onopang'ono, maso ali pansi. Nkhope ya bambo inachita mdima.

"Ukundiyankha choncho pamaso pa alendo? Kodi watopa kuphikira mayi ako?"

Nsungwi anafuna kukana, koma misozi inamutsogolera. "Inde, ndatopa," anatero, ndipo manyazi anamugwira moti analakalaka pansi patang'ambika.

"Musiyeni mwanayo." Mawu a mayi anamveka mwamphamvu kuposa mmene anamvekera chaka chonsecho. "Wanena zoona. Inenso ndatopa. Ndatopa kudikirira mbale ngati mlendo m'nyumba mwanga momwe. Chimene chinafa ndi miyendo, bambo a Nsungwi. Manjawa ndi amoyo."

"Ndimaopa kuti mungapse ndi madzi otentha," anatero bambo, mawu atafewa. "Mwavutika kale mokwanira."

"Munandifunsapo?"

Bambo anayang'ana mkazi wawo, kenaka mwana wawo, amene zala zake zinali ndi zipsera za mpeni ndi mafuta. Anakanda m'mutu nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja kwa kalipentala.

"Tandibwerekani tepiyo."

Anatuluka, nagwada pambali pa njinga ija, n'kuyeza kuchokera ku gudumu lina kufika ku linzake. Anayezanso kuchokera pansi kufika pa chigongono cha mkazi wawo.

"Tembenuza pepalalo, mwana wanga," anatero osadzuka. "Mayi ako anena, iwe uzijambula."

Pulani yatsopano inatenga masana onse. Mayi anafuna sinki yopanda kabati kunsi kuti maondo azilowa, mashelefu otsika, ndi malo pakati oti njinga izitembenuka. Pa za sitovu anakangana ndi kalipentala mpaka kalipentalayo anagonja.

Loweruka lotsatira amisiri anagumula khoma la pakhomo. Fumbi lisanathe n'komwe, mayi anapalasa njinga yawo n'kulowa okha. Anazungulira kamodzi, akugwira khoma, akugwira zenera. Kenaka anatola poto wamkulu amene anali pansi, namuyang'anitsitsa m'kati.

"Ndani wakhala akupala poto wanga ndi mpeni?"

Nsungwi anaseka mpaka misozi.

"Ukusekanso? Tachoka apo, ukunditchinga njira!"

Ndipo Nsungwi anachokadi, mtima uli mbee.