Mzere Umene Dorika Anamata

Nyumba ya a Simioni kwa Mponda inali ya mapemphero ndi ntchito. Atatopa ndi usodzi anamanga malo ogona alendo a zipinda khumi, ndipo ukhondo wake unkatamandidwa mpaka ku Zomba. Mwana wawo Jonathan ndiye anawakonzera webusaiti ndi imelo. Atapeza ntchito ku Blantyre, anasiyira mlongo wake Dorika pasiwedi.

"Dorika, tamvera. Pali tsamba lotchedwa DNS. Mizere ya TXT imene ili pamenepo ndiyo imanena amene ali ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina lathu. Usaonjezerepo kanthu usanandiimbire."

Dorika anangoti "eya," maso ali pa foni. Ulesi wa mtsikana ameneyu, abale inu! Kumuuza kuti awerenge mizere iwiri kunali ngati wamupatsa khasu.

Kenako kunatulukira Davide, mnyamata wonunkhira pefyumu, wogwira ntchito pa malo ena ogona alendo kutsidya kwa mlatho. Ankamugulira tchipisi ndi kumutcha "bwana wamkazi." Dorika anamuululira zonse, ngakhale za amayi makumi awiri a mpingo wa ku Balaka amene anasungitsa malo a msonkhano wa Loweruka.

Mayi ake anamukalipira. "Iwe, ameneyu amalimbirana nafe alendo. Akufunanji pano? Mphaka amalondera usipa?"

"Amayi, inu za makompyuta simuzidziwa."

Lolemba Davide anabwera akumwetulira. "Webusaiti yanu sioneka anthu akafufuza. Ndakutumizira mzere umodzi, ungomata pa TXT basi. Kapena mpaka ukapemphe kwa achimwene ngati kamwana?"

Mawu amenewo anamubaya. Anatsegula tsamba lija, anamata mzerewo, n'kusunga. Sanawerenge ndi chilembo chimodzi chomwe, ndipo sanamuimbire Jonathan.

Loweruka a Simioni anapha mbuzi, anagula chambo, anavala jekete la kutchalitchi n'kuima pageti. Dzuwa linafika pamutu, msewu uli zii. Anaimbira mtsogoleri wa amayi aja.

"A Simioni, mulibe manyazi?" anakalipa mayiyo. "Lachitatu munatilembera nokha kuti kwanuko kwagwa nsikidzi, tipite kutsidya kwa mlatho. Kalata yake ya dzina lanu lomwe! Tauza kale mipingo inzathu."

Jonathan atamva, anatsegula tsamba lija ali ku Blantyre komweko, ndipo mawu ake anachita kung'amba foni. "Dorika! Mzere uwu waika ndani? Wapatsa munthu chidindo cha bambo kuti azilemba zimene akufuna!"

Mzerewo anaufufuta nthawi yomweyo. Koma nsikidzi zabodza zinali zitalowa kale m'makutu a anthu, ndipo kumeneko kulibe batani lofufutira. Dorika anaimbira Davide kakhumi konse, koma foni sinalowe, anali atamubuloka.

A Simioni sanamumenye. Anangomuonetsa zikhatho zawo za zipsera za ukonde. "Dzina ili ndalimanga zaka makumi awiri ndi manja awa. Iwe waligulitsa ndi tchipisi."

Dorika anagwada n'kulira, ndipo anamukhululukira, poti ndi mwana. Koma Khirisimasi ya chaka chimenecho zipinda zonse khumi zinagona zokha, iye akusesa fumbi pamabedi opanda munthu.

Achinyamata inu, zimandipsetsa mtima! Chimene simunachiwerenge musamate, ndipo makolo akakuchenjezani musawayese mbuli. Chala chimamata kamodzi, koma banja lonse limalira chaka chathunthu.