Amene Amamasula Waya Wakuda

Galimotoyo inayamba khalidwe lake lachilendo anthu a mumsewuwo atangoyamba kuiwala maliro a mwini wake. M'mawa wina inkalira kamodzi n'kamodzi, ngati kuti yagona ikudikira kiyi. M'mawa wina inkangoti thi, magetsi a pa dashibodi n'kuphethira mwaulesi, kenako zii.

Amene ankaiyendetsa tsopano anali mkazi wa malemuyo. Ankanyamula ana a anansi kupita nawo kusukulu n'kukawatenganso masana, ntchito yomwe mwamuna wake anaisiya pamene matenda anamugwetsa. Anawo anamupatsa dzina loti Anti Dalaivala, ndipo dzinalo linamukakamira. Pakhomo ponse pankadya kuchokera m'galimoto yakaleyo: iye, ana ake, ndi apongozi ake aamuna, amene pa unyamata wawo anali makaniko koma tsopano mutu unali utayamba kuwathawa, moti ankatha kufunsa ngati adya mbale ili m'manja.

Galimoto ikakana, makolo a ana aja ankaima pageti manja m'chiuno, kuyang'ana wotchi mokuti Anti aone. Ena anachotsa ana awo. Apa mpamene mlamu wake, mng'ono wa malemuyo, anapezera pakamwa. Ankabwera atapisa manja m'thumba, n'kuizungulira galimotoyo akumenya matayala ndi nsapato, uku akunena kuti chitsulo chimadziwa dzanja la mwini wake, ndipo chakana mkazi. Anati wogula wamupeza kale, ndipo ikadzangokananso adzabwera naye. Anti mumtima ankawira. Galimotoyo inali chakudya cha ana ake, komanso pampando wake pankamvekabe kafungo ka mwamuna wake dzuwa likatentha.

Anaitana makaniko wa pakona, munthu wonenepa wokonda kuimba mluzu. Iye anayeza batire n'kupeza kuti ili ndi moto wokwanira. Anamvetsera sitata, nayo inalibe mlandu. Kenako anagwira waya wakuda pamutu wa batire, wayayo n'kugwedezeka ngati dzino la mwana. Anachotsa kaufa koyera kamene kanali katamera pamutupo ndi madzi otentha ndi soda, anapala ndi sandipepala mpaka chitsulo chinawala, anamanga nati ndi mphamvu zake zonse, n'kupaka girizi.

"Vuto linali lomweli, mayi. Waya ukakhala wosamanga bwino, moto umadutsa tsiku lomwe wafuna," anatero. "Koma mmene ndamangiramu, ukamasukanso ndiye kuti pali amene waumasula."

Unamasukanso. Ndipo ulendo uno sunangokhala wogwedezeka ayi: Anti anaupeza utachotsedwa pamutu wa batire, utagonekedwa bwinobwino pa kansanza kofiira kopindidwa pawiri, ngati kuti wina amaopa kuti ungamve kuzizira.

Nkhani siigona. Mayi wogulitsa makala anati mwamuna wake, pobwera ku ntchito ya ulonda, anaona munthu wamtali atawerama pagalimotoyo, koma pomupatsa moni panalibe aliyense. Ena anati ndi mlamu uja, akufuna kuti mkazi wa mkulu wake atope aigulitse. Anti anasankha kukhulupirira zamlamuzo, chifukwa munthu wamoyo umatha kumukalipira.

Komabe usiku unayamba kumutalikira. Ankagona tulo topepuka, tomwe munthu sadziwa ngati maso ali otseka kapena ayi, ndipo ankalota ali pampando wakumbuyo, galimoto ikuyenda mumsewu wa nkhungu popanda phokoso la injini, woyendetsa osacheuka. Mkati mwa malotowo munkabwera kaphokoso kakang'ono, khwa, ngati boneti ikutseguka, kenako kulira kwa chitsulo pa chitsulo, pang'onopang'ono, mosafulumira. Usiku wina anadzuka n'kusuzumira pawindo. Mwezi unali utayera pabwalo, zovala zomwe anaiwala pachingwe zikugwedezeka popanda mphepo yomveka, ndipo boneti inali yotsekula. Panalibe munthu. Anaima pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi, ndipo m'mawa sanathe kunena motsimikiza ngati anaziona kapena anazilota.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku wotsatira, ana atagona, anakhala m'khichini mumdima, pampando umene unkayang'ana chitseko cha chipinda cha apongozi mbali iyi ndi windo la kubwalo mbali inayo. Anali ndi mpini wa tsache pamiyendo, wokonzera mlamu. Furiji inkang'ung'udza, mpopi ukudontha, ndipo kuseri kwa chitseko apongozi ankaliza mkonono wawo wa masiku onse.

Kaphokoso kaja kanabwera. Khwa. Kenako chitsulo pa chitsulo. Mkonono wa apongozi unali ukumvekabe. Anti anafuna kutembenukira kuwindo koma khosi linakana, ndipo mantha amene anamugwira anali osakanikirana ndi chinthu china chofewa, chonga chomwe umamva ukazindikira mapazi a munthu wako pakati pa anthu ambiri. Boneti inatsika mofatsa, kunja n'kukhalanso chete.

Atambala atayamba kulira, chitseko cha apongozi chinatseguka. Mkuluyo anatuluka wopanda nsapato, sipanala yawo yakale ili m'manja, n'kudutsa pafupi ndi mpongozi wawo osamuona. Anti anawatsatira. Anawapeza atatsegula boneti, akupapasa mumdima ndi zala zomwe zinkakumbukira zimene mutu unaiwala.

"Bambo," ananong'ona, "ndi inu mumamasula wayawu?"

Mkuluyo sanadzidzimuke. "Ine ndimamanga, mayi. Amamasula ndi mwamuna wanu."

"Mwana wanu anatisiya, bambo."

"Ndikudziwa. Ndinalipo." Anabweza waya pamutu wa batire, n'kuyamba kuzunguza nati. "Koma ndinamuphunzitsa ndekha. Galimoto iyi imaba moto ikagona, penapake pali waya wobisika amene amayamwa. Ndinamuuza kuti usamagone usanachotse wakudawu, ungadzapeze batire itauma ana akudikira. Ndiye mwana womvera uja sagona. Amabwera kudzachotsa. Koma m'mawa sangathe kubwera, kumakhala kwayera. Ndiye ndimamuthandiza ineyo, tsiku lomwe ndakumbukira."

Munthu wina akanati ndi nkhani za mutu wokalamba, kuti mkuluyo amamasula yekha n'kumanganso yekha. Koma wamisala anaona nkhondo, ndipo mkonono uja Anti anaumva ndi makutu ake. Chinamulasa kwambiri ndi china: kaphokoso kaja ankakadziwa. Zaka zonse za banja lawo, madzulo aliwonse iye ali pa moto, ankamva galimoto ikulowa, injini ikuzima, kenako khwa, ndipo pakapita kanthawi mwamuna wake ankalowa akupukuta manja ndi kansanza kofiira. Kaphokosoko ankangokatenga ngati chizindikiro choti aike madzi osamba. Sanafunsepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti kunjako amatsalira kuchita chiyani.

Kutacha anapempha apongoziwo kuti amuphunzitse. Anamuonetsa kuti pochotsa uyambe ndi wakuda, pobweza umalize ndi wakuda, sipanala isakhudze mitu yonse iwiri, ndipo nati uimange mpaka waya usagwedezeke ngakhale utaukoka. Anamubwerezera zomwezo kangapo, ulendo uliwonse ngati akuzinena koyamba, ndipo iye anamvetsera ulendo uliwonse.

Kuyambira tsiku limenelo ankachotsa yekha wayawo dzuwa likamalowa, n'kuugoneka pa kansanza kaja, m'mawa n'kuubweza. Galimoto sinakanenso. Ana amene anachotsedwa anabwerera mmodzimmodzi. Mlamu anabwera ndi wogula wake, koma anapeza injini ikulira bwino, ana atadzaza mipando, ndipo anangoti amadutsa.

Usiku nawo unakhala chete. Panalibenso khwa, panalibe chitsulo pa chitsulo, ndipo maloto a msewu wa nkhungu anatha. Apongozi ankagona mpaka dzuwa kutuluka, ndipo tsiku lina pa kadzutsa anati, "Mwamupumitsa, mayi. Mwachita bwino." Anti anavomera ndi mutu. Koma zoona zake n'zoti ankagona maso ali gwa, akumvetsera bwalo lopanda kanthu, ndipo chisoni chimene chinamugwira masiku amenewo chinaposa cha pa maliro. Anali atapulumutsa galimoto, koma anali atachotsa ntchito munthu yekhayo amene ankabwerabe kudzamuthandiza.

Madzulo ena, mawa lake kulibe sukulu, anatsegula boneti monga mwa masiku onse. Anaika sipanala pa nati, n'kuima choncho kwa nthawi yaitali, mdima ukutsika pamadenga a anansi. Kenako anachotsa sipanalayo osazunguza, anayala kansanza kofiira pambali pa batire, n'kutseka boneti. Analowa m'nyumba, anaika madzi osamba pa moto, ndipo anakhala pansi kudikira.