Puma, Kamlomo

Chimbale changa choyamba tinachimalizira m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya matayala. Situdiyo yake inali dzina chabe: matiresi awiri kukhoma, mathireyi a mazira kudenga, maikolofoni yovekedwa sokosi. Mwini wake tinkamutchula Makutu, chifukwa ankamva ngakhale kulira kwa m'mimba mwako.

Madzulo amenewo inatsala nyimbo imodzi, yokumbukira achemwali anga, amene anatisiya chaka chimenecho. Ndiwo anandiyambitsa rapu. Tili ana, iwo ankagogoda chitseko cha wadiropu ndi chala chovala mphete, ine ndikulakatula mpaka maso kutuluka. Akaona choncho ankati, "Puma, Kamlomo!" Koma kugogoda kwawo, andikhululukire kumene aliko, kunali kochedwa. Katatu bwinobwino, kachinayi kankabwera m'mbuyo ngati mwana wokakamizidwa kupita kusukulu. Tinkakangana nazo tsiku ndi tsiku. Lero ndimaisowa mikangano imeneyo.

Vesi yachiwiri inandikanika. Ndikafika pa mzere wonena za bedi la kuchipatala, mpweya unkandithera. Kakhumi konse. Makutu anayang'ana wotchi.

"Sisi, chimbale chikupita m'mawa. Ikakanikanso, iyi tiichotse."

Chimbale changa chopanda achemwali? Ndinavalanso mahedifoni.

Babu linaphethira. Agalu a kunja anangoti zii. Biti, ng'oma za nyimboyo, inayamba, ndipo pansi pake ndinamva kanthu kena.

Go. Go. Go. Kachete pang'ono. Go.

Ndinasuzumira Makutu. Anali atapinda manja pachifuwa.

Ndinapitiriza. Nditayandikira mzere uja, khutu langa lakumanzere linazizira, ndipo mawu anandinong'oneza pafupi kwambiri.

"Puma."

Ndinapuma. Vesi yonse inatuluka mpaka kumapeto, osapunthwa.

Makutu sanandiyamikire. Anabweza nyimboyo, n'kutsitsa biti kuti tingomva zimene maikolofoni inatola. Mawu anga analipo. Kugogoda kuja kunaliponso.

"Mumamenya chiyani pamenepo?"

"Palibe."

Anatenga tochi n'kukazungulira m'shopu. Anapeza milu ya matayala basi. Chitseko chakunja chinali chokhoma, kiyi ali m'thumba mwake. Atabwerako anakhala pampando osandiyang'ana.

"Ndifufute?" anafunsa. "Kapena ndingokakokera kutsogolo kachinayiko. Kakutuluka mu biti."

"Musakhudze."

Tinakhala momwemo mpaka kunja kunayera, wina osauza mnzake kuti akuopa.

Nkhani inawanda msanga. Mwini matayala anati ndi makoswe a kudenga. Atelala a pakhomo loyandikana anangoti makoswe savala mphete, n'kupitiriza kusoka.

Amayi sindinawauze chilichonse. Rapu sankaifuna n'komwe, ankati ndi mkangano woikidwa ng'oma. Chimbale chitatuluka, ndinawaikira pafoni akupinda zovala pabedi. Nyimbo zisanu ndi zitatu zinadutsa osadzutsa mutu. Itafika yomaliza, manja awo anaima.

"Tabwezera."

Ndinabweza. Anamvetsera atatsamira wadiropu yomwe ija, akuwerenga ndi chala pabondo. Katatu. Kenako chala chinadikira m'mwamba.

"Mwana ameneyu," anatero akupukuta maso ndi malaya amene ankapinda, "mpaka pano akuchedwabe."