Tsiku Limene Nandolo Anakana Kulowa M'nyumba

Zefa anali ndi mphaka. Dzina lake anali Nandolo. Zefa ankafuna kudziwa zonse za Nandolo.

Masana aliwonse Nandolo ankagona pafupi ndi njinga ya Titiya Januária. Titiya anali mng'ono wa amayi a Zefa. Njinga yawo inali yamagetsi. Ankanyamulira nyemba kupita ku Muloza.

"Titiya, bwanji Nandolo amakonda njinga yanu?" anafunsa Zefa.

"Batire ikamadya magetsi imafunda pang'ono," anatero Titiya. "Mphaka amakonda pofunda."

Tsiku lina khoswe anatafuna chingwe cha chaja. Titiya anabwereka chaja ina kwa aneba. Inalowa bwinobwino. Titiya anasiya batire ikudya magetsi m'nyumba n'kupita kuseri kukachapa.

Nandolo anafika pakhomo. Ananunkhiza. Anayetsemula. Anabwerera m'mbuyo.

"Lowa, Nandolo," anatero Zefa.

Nandolo sanalowe.

"Lowa, ukagone!"

Nandolo sanalowebe.

Zefa anadabwa. Anasuzumira m'nyumba. Nayenso ananunkhiza. Munkamveka fungo ngati la jumbo yakupsa. Batire inkalira kuti tsiii! Inali itatupa ngati mandasi. Pambali pake panali matumba a nyemba.

Zefa anatambasula dzanja. Anamva kutentha asanaikhudze. Anabweza dzanja msanga.

"Titiya! Titiya! Bwerani!"

Titiya anathamanga, thovu lili m'manja. Anapukuta manja pachitenje. Anazimitsa magetsi a nyumba yonse.

"Tonse panja!" anatero Titiya.

Anaimbira foni a Gelson, okonza njinga kumsika wa Milange. A Gelson anabwera. Anadikira mpaka batire itazizira. Kenako anaitulutsa n'kuiika pamchenga.

"Chaja iyi si ya batire iyi," anatero a Gelson. "Ikanayatsa moto."

"Koma inalowa!" anatero Zefa.

"Phazi lako limalowa m'nsapato za atate ako. Kodi ungathamange nazo?"

Zefa anaseka. "Ndingagwe!"

A Gelson anamuonetsa manambala a pachaja. Anamuonetsanso manambala a pabatire. Anali osiyana.

"Batire iliyonse ili ndi chaja yake," anatero. "Muziitchaja pakhonde, pamthunzi. Munthu azikhala pafupi."

Batire yotupa ija sinagwirenso ntchito. Titiya anayamba kupalasa ndi miyendo. Ankabwera atatopa, thukuta lili kamukamu. Zefa ankawachingamira ndi madzi akumwa.

Nyemba zitatha kugulitsidwa, Titiya anagula batire yatsopano. Inabwera ndi chaja yake. Zefa anawerenga manambala mokweza. Anali ofanana!

"Kwera," anatero Titiya. "Undigwiritse."

Njinga inanyamuka mwakachetechete. Inadutsa msika. Inadutsa sukulu. Mphepo inawomba Zefa kumaso.

"Titiya, nanga magetsi amafika bwanji kumatayala?"

Titiya anaseka kwambiri. "Zimenezo sindikuzidziwa, mwanawe. Tiye tikafunse tonse awiri!"

Ndipo anakhotera kwa a Gelson.