Wolowa M'malo ku Thailand

Medson Kalonjere anatuluka m'nyumba ya anzake a Douglas ku Etobicoke, dera la mumzinda wa Toronto, anthu onse oganiza bwino atapita kale kwawo. Phwandolo linali lomutsanzika iyeyo, ndipo munthu akamatamandidwa miyendo imalemera kunyamuka. Kampani ina yomanga misewu ya mu Toronto inali itamulemba ntchito yokayeza msewu wa m'mapiri ku Thailand, ndege yake n'kukhala yonyamuka sabata yotsatira. Usiku wonse anzake anali kumugwira chanza, ena atayamba kale kumutchula kuti bwana, mwiniwake akuvomera ndi mano onse.

Amene sanawombe nawo m'manja anali mkazi wake, Bertha. Anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono, ndipo anafunsa pamaso pa anthu kuti, “Nanga mwanayu azidzabadwa inu muli kuti?” Medson anayankha moseka kuti zaka ziwiri si kanthu, amuna onse n'kuseka naye. Bertha anangotenga jekete yake nakakwera basi yekha. Mwamuna wanzeru akanamutsatira. Medson anatsegula botolo lina.

Tsono atafika pasiteshoni anapeza zitseko zotseka, sitima yomaliza ya pansi pa nthaka, ija amati subway, itapita. Chinali chisanu cha 1977, ndipo sinowo, chipale choyera chija, inali itagwa yambiri moti basi sinkaoneka ndi imodzi yomwe. A Douglas anali atamuuza kuti agone pasofa, iye n'kukana, podziwa kuti kugona kwa eni usiku umenewo kukanangothira mafuta pamoto umene unali ukuyaka kale kunyumba. Anakweza kolala, nayamba kutsata msewu wa Bloor chakum'mawa. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje wa Humber, koma asanafike pamlatho panali manda.

Manda amenewo sankamuopsa. Masana ankawanyoza kumene. Kwawo ku Ntcheu manda amakhala m'nkhalango yakuda, moti ngakhale woledzera amadutsapo atasiya nyimbo. Koma awa, a mpanda wachitsulo, udzu wake wometedwa ngati bwalo la mpira? Medson ankati mzimu wodzilemekeza sungakhalemo. Anayenda m'mbali mwa mpandawo akukonza m'mutu mawu okanyengerera nawo Bertha, sinowo ikulira pansi pa nsapato zake.

Kenaka anamva fungo. Linali fungo la lubani, losakanikirana ndi la dothi lotentha limene langonyowa ndi mvula. Anaima, nanunkhiza bwino. M'dziko limene nthaka imauma gwa ngati mwala mpaka mwezi wa Epulo, fungo lotere lingachokere kuti?

Anayambanso kuyenda. Kumbuyo kwake kunamveka phwa... phwa... phwa...

Patapata. Munthu wovala patapata pasinowo.

Medson anawonjezera liwiro. Phwa, phwa, phwa. Anachepetsa. Nazonso zinachepa. Mowa wonse uja unatsika m'mutu nthawi imodzi, ndipo anachita mantha, mantha enieni aja amene amaumitsa m'kamwa.

“Moni, achimwene.”

Chichewa! Mtima unagwa pansi pang'ono, chifukwa kunja kuno chinenero cha kwanu chimakugwira msanga kuposa nzeru. Anatembenuka. Pansi pa getsi la mumsewu panaima bambo wamsinkhu woposa wake, wowonda, wovala malaya a manja aafupi ndi buluku la khaki lothimbirira ndi matope ofiira. Analibe jekete, analibe chipewa. Ndipo anali akutuluka thukuta, likuyenderera pachipumi mpaka m'khosi.

“Zikomo, bambo,” anayankha Medson. “Inunso mwamissa subway? Nanga jekete mwaisiya kuti? Mufa nako kuziziraku.”

“Kukutentha,” anatero bamboyo. “Kumatentha nthawi zonse.”

Anabwera pambali pake, nayamba kuyendera limodzi ngati anthu opangana. Thupi lake linkatulutsa kutentha ngati mbaula. Medson anaganiza za malungo. Anaganiza za misala. Anaganiza chilichonse chimene chikanamulola kupitiriza kuyenda.

“Ndinu amene mukupita kuja,” anatero mlendoyo. Silinali funso. “Ine ndine Wyson. Ntchito mukukagwirayo inali yanga.”

“Ooh, ndinu a kukampani? Ndiye kuli bwanji kumeneko?”

Bamboyo anapitiriza kuyenda mpaka anadutsa pageti la manda. Pamene anayamba kuyankhula, ankayankhula ngati munthu wolota, maso ali kutsogolo.

“Anthu ake ndi abwino, achimwene. Amakupatsa moni manja ali pamodzi ngati akupemphera. Amamwetulira ukalakwa, amamwetulira ukakhoza. Ine ndinkayesa ndapeza abale. Ana ankabwera kudzandipukuta pamkono kuti aone ngati utotowu uchoke, tonse n'kumaseka... Koma madzulo aliyense amapita kwawo. Iwe umatsala ndi fani ndi abuluzi.”

Medson anayesa kuseka, koma Wyson anapitiriza.

“Ndinamukalipira kapitao pamaso pa anthu ake, monga tichitira kwathu. Kumeneko sachita zimenezo. Sanandiyankhe, anangomwetulira. Kuyambira tsiku limenelo panalibenso wondiuza kanthu. Mlendo ukasowa wokuuza, umayenda ngati wakhungu.” Anapukuta thukuta ndi chikhatho. “Ndinamuuza mkazi wanga kuti zaka ziwiri zokha.”

Mawu amenewo anamulasa Medson. Anayang'ana kumbali, ndipo m'pamene anaona kuti mpweya wake unali kutuluka ngati utsi, monga umachitira m'chisanu. Pakamwa pa mnzakeyo panalibe utsi. Ankayankhula, koma panalibe utsi.

Mlatho unali patsogolopo, wautali, wopanda galimoto ndi imodzi yomwe. Pansi pake mtsinje unali duu, utauma ndi chisanu. Medson anafuna kuthamanga, koma miyendo inangopitiriza kuyenda mwaulemu pambali pa mkuluyo ngati si yake.

“Pali pokhota pena m'phirimo,” anapitiriza Wyson. “Pali tinyumba ting'onoting'ono ta pamtengo, tokhalamo mizimu. Madalaivala amaliza hutala akamadutsa, ena amasiya maluwa. Ine Mkhristu wa mpingo wanga, ndinkaseka. Ali ndi lamulo lawo kumeneko. Wofera pamsewu sachoka pomwe wafera. Amakhala pomwepo, dzuwa, mvula, dzuwa, mvula... mpaka wina abwere kudzalowa m'malo mwake.”

Anafika poyambira mlatho. Wyson anaima. Medson naye anaima.

“Ine sindiwoloka. Koma munthu wapaulendo sapita chimanjamanja. Kumeneko amamumanga ulusi woyera padzanja, amati mzimu wake usasochere. Bweretsani dzanja.”

Apa m'pamene Medson analakwa, ndipo analakwa chifukwa choleredwa bwino. Mzungu akanangoti pepani n'kupitiriza ulendo. Koma mwana wa ku Ntcheu, wamkulu akukupatsa chinthu, umakana bwanji? Mutu ukanali kukana, dzanja lamanja linatambasuka lokha, lamanzere litagwirizira m'munsi mwake monga anamuphunzitsira amayi ake, mawondo atapinda pang'ono.

Zala za bamboyo zinali zotentha. Zinamanga mfundo imodzi. Zinamanganso ina.

“Ndadikira, achimwene,” anatero monong'ona. “Ndadikira kwambiri. Anthu ankakana kubwera. Zikomo povomera.”

Anamwetulira, naika manja pamodzi pachifuwa, naweramitsa mutu. “Ine ndikagone tsopano.”

Anatembenuka kulowera kumanda kuja. Getsi la pamlatho linamuwalira kumbuyo. Malaya aja kumsana anali ong'ambika, akuda ndi magazi ouma. Ndipo mutu... kunkhongo kunalibe kanthu! Unali wophwanyika ngati chibade cha dzungu.

Phwa... phwa... phwa...

Medson anathamanga. Anaterereka, nagwa, nadzuka. Chipewa chinatsala pamlatho. Sanacheuke. Anakoka ulusi uja ndi zala, sunaduke. Anauluma ndi mano, sunaduke. Ankangomva mtima wake ndi fungo la lubani limene linakana kumusiya. Anapemphera pemphero la Ambuye, mawu n'kumasokonekera, nayambiranso, nasokonezanso. Atafika pamsewu wa kwawo pafupi ndi msewu wa Jane, anaona nyali ikuyaka pawindo lawo, ndipo analira ngati mwana.

Kiyi anakana kulowa pachitseko chifukwa cha kunjenjemera, mpaka anamutsegulira ndi Bertha. Maso ake anali otupa. Mawu amene anawakonzera mwamuna wake usiku wonse anamuthera atamuona nkhope.

M'nyumbamo munali mlendo. Anali Mayi Phyllis, namwino wa ku Mulanje amene ankakhala m'chipinda cha pansi pa nyumba yomweyo. A Kalonjere anali atasamukirako kumene, ndipo za mayiyu ankangodziwa kuti ndi wamasiye wosakonda maphwando. Msana utayamba kumupweteka usikuwo, Bertha anakawagogodera, ndipo pocheza anawakhuthulira zonse, za phwando, za ndege, za Thailand. Atamva dzina la dzikolo, mayiwo anakana kubwerera kukagona. Anati amudikira mwamunayo kufikira abwere.

Anamukhazika Medson pampando, namufunditsa bulangete. Iye anafotokoza modukizadukiza, za patapata, za thukuta, za pokhota pa m'phiri. Bertha ankangoti mowa, mowa umenewu, koma mawu ake sankamveka ngati a munthu wokhulupirira zimene akunena.

“Anati dzina lake ndani?” anafunsa Mayi Phyllis.

“Wyson.”

Mayiwo anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira m'mphepete mwa tebulo. Sanakuwe. Anangotseka maso kwa kanthawi.

“Wyson Namangale anali mwamuna wanga,” anatero. “Anafa mu 1972. Jipi yake inagubuduzika pokhota pomwe mukunenapo. Anzake a kumeneko anamuwotcha monga mwa mwambo wawo, anachita mwaulemu ndithu, sindiwadandaula. Ine kampani inandibweretsera kabokosi ka phulusa kosakwana ndi manja awiri, kuti amuna anu ndi awa. Kali m'manda omwe mwadutsawo. Mwana wathu bambo ake amawadziwira pachithunzi.”

Bertha anagwira mimba yake ndi manja onse.

“Tandionetsani dzanja lanu,” anatero Mayi Phyllis.

Medson anali atalibisa m'bulangete. Analitulutsa. Ulusi unali pomwepo, woyera, mfundo zake zili ndi dothi lofiira. Bertha anathamangira kukhitchini, nabwera ndi sizasi, naudula kamodzi kokha. Unaduka mosavuta ngati ulusi wina uliwonse, nugwera patebulo. Panalibe amene anafuna kuutola.

“Sindikupita,” anatero Medson. Anagwira dzanja la mkazi wake. “Bertha, wamva? Ndikacancela zonse. Akafune wina. Sindikupita.”

Bertha anatsamira paphewa pake nayamba kulira, kulira kwa munthu amene watula katundu. Koma Mayi Phyllis sanasangalale nawo. Ankangoyang'ana ulusi uja.

“Wyson nayenso anabwera nawo,” anatero. “Usiku wa phwando lake. Anati wamumanga mzungu wina pamlatho, amene ankagwira ntchitoyo iye asanalembedwe. Ndinaudula ndi lumo. Anagwada pakhitchini panga akulira, nalumbira kuti sapita.”

“Nanga anapitiranji?” anafunsa Bertha.

“Kunacha, mwana wanga. Dzuwa litatuluka anachita manyazi. Anati unali mowa. Anati anthu amene anamuchitira phwando adzati chiyani, munthu wophunzira kukana ntchito chifukwa cha ulusi? Ndipo ine ndinamusitira malaya.”

Bertha anadzutsa mutu namuyang'ana mwamuna wake kumaso, koma iye anali kuyang'ana pawindo. Kunja kunali kutayamba kuyera, ndipo galimoto yokankha sinowo inali kudutsa mumsewu, anthu wamba akuyamba tsiku lawo. Manja a Medson anali atasiya kunjenjemera. Ndipo, Mulungu amukhululukire, anali atayamba kale kuganiza zoti a Douglas adzati chiyani.